Teleza ndi Phiri Lotumiza Nkhungu

Tsiku limene Teleza anatuluka m'nyumba ya pakompaundi, kunja kunali chiperoni. Amene munakhalako ku Thyolo mukuidziwa nyengo imeneyi: kamvula kowaza kosaleka, nkhungu yokwawa m'minda ya tiyi, ndi kuzizira kolowa mpaka m'mafupa. Mphasa, ndowa, mapoto ndi thumba la zovala zinali pabwalo zikunyowa, mwiniwake ataima poteropo ngati katunduyo ndi wa munthu wina.

Palibe anamuchitira chipongwe. Nyumbayo inali ya esiteti, ndipo amene anali pa ntchito yokhazikika anali mwamuna wake, Winston, yemwe anali atamwalira mwezi wapitawo. Teleza anali wothyola tiyi wa sizoni. Mvula ikagwa ankalembedwa, masamba akachepa ankauzidwa kuti akapume. Wa sizoni sapatsidwa nyumba, ndipo banja lina linali litafika kale ndi katundu wake, likudikira pakhonde mwamanyazi.

Nkhaniyi ndikusimbira inu amene mtima suli m'malo, inu amene abale anatopa nanu n'kumati simudzatheka. Khalani pansi pang'ono, ngakhale ndikudziwa kuti kukhala pansi n'kumene kumakuvutani.

Mlongo wake wa Teleza, Fackson, anafika pa njinga kuchokera ku Nsabwe. Anayang'ana katunduyo, kenako anayang'ana Tisungane, mwana yekhayo wa Teleza, mtsikana wa Sitandade 6 amene ankanjenjemera mu juzi ya malemu bambo ake.

"Achemwali, mwana sangagone pamtetete. Ndikumutenga."

"Achimwene, ndipatseni masiku ochepa chabe ndipeze pokhala."

"Inu ndimakudziwani. Lero muli ku Luchenza, mawa ku Makwasa, mkuja sitidziwa. Mapazi anuwo ndi a bambo. Mwana akhala kwa ine mpaka ndidzaone kuti mwakhazikika."

Kwathu kuno atsibweni a mwana akalankhula, nkhani yatha. Teleza anaona mwana wake akukwera pakaliyala, nkhungu n'kuwameza onse awiri asanafike n'komwe pakona ya fakitale. Apo m'pamene analira kulira kwenikweni, kuposa momwe analirira pamaliro.

Musafulumire kumuda Fackson. Nkhondo ya ku Mozambique itatha, bambo awo, a Simeoni, anawoloka mtsinje wa Ruo. Anati akukaona malo a makolo awo m'tsinde mwa phiri la Chiperoni, lija limatitumizira nkhunguyi, ndipo abwera anthu asanadzale. Nthawiyo Teleza anali kamwana. Anthu anadzala, anakolola, anadzalanso. A Simeoni sanabwere, ndipo uthenga wawo sunamveke. Mayi awo atamwalira, Fackson ndiye analera mlongo wakeyo, iye mwini akadali mnyamata.

Kukacha bwino, phirilo limaoneka kuchokera pakhonde pa Fackson ku Nsabwe, lili lokhalokha kutsidya kwa malire. Iye ankakhala pa mpando wake atalifulatira, ndipo pakhomopo aliyense ankadziwa kuti mpandowo sutembenuzidwa.

Tsono zoti Teleza sakhazikika zinali zoona. Mapazi anali oyabwa, koma manja ndiye anali oposa. Amene munathyolapo tiyi mukudziwa: masamba awiri ndi kansonga, manja onse awiri, kuponya m'dengu kumsana, osayang'ana n'komwe. Anthu ena akaweruka, manja amaweruka nawo. Manja a Teleza ayi. Akamadutsa pa mpanda wa tchalitchi ankauthyola nsonga. Chinangwa cha eni ake m'mbali mwa njira, chimodzimodzi. Akamacheza nanu pafupi ndi maluwa anu, mumatsanzikana maluwawo atametedwa bwinobwino, iye osadziwa kuti wachitapo kanthu.

Atachoka pakompaundi anapita ku Luchenza. Ankagona pakhonde la sitolo ya mayi wina wachifundo, masana n'kumasenza katundu wa anthu kuchokera pasiteji kupita kumsika: matumba a chinangwa, nthochi, mabelo a kaunjika. Msana wozolowera dengu sunkadandaula. Koma mtima unkangoti choka, choka, ndipo sankadziwa kuti achoke apite kuti.

Tsiku lina kondakitala wa minibasi anamuona akutula thumba limene anyamata awiri analikana.

"Mayi, mphamvu zonsezi mukuthera pa chinangwa? Ku Likhubula anthu akukwera phiri ndi zikwama za alendo."

Teleza anatembenuka n'kuyang'ana phiri la Mulanje, limene ukaima pa Luchenza limadzaza maso onse. M'mawa mwake anali m'minibasi yomweyo.

Ku Likhubula, m'tsinde mwa phirilo, anapeza amuna okhaokha atakhala pamiyala kudikira alendo. Atanena chimene wabwerera, anaseka mpaka ena kugwira m'mimba.

"Mwasochera, mayi. Kotola nkhuni ndi uko."

Amene sanaseke anali a Crispin, gaidi wotsogolera alendo paphiri, wachikulire wa imvi, bondo atalimanga ndi nsalu. Analoza chikwama cha mapoto ndi zakudya chimene aliyense ankachizemba.

"Icho mungachikweze?"

Teleza anachikulunga ndi chitenje, n'kuchikhazika kumsana momwe ankakhazikira dengu la tiyi wonyowa. Tsiku limenelo anafika pa kanyumba kogona alendo anzake onse asanafike, ndipo pomwe iwo ankatulukira ali wefuwefu, iye n'kuti atakoleza kale moto.

Amene simunakwereko mumaganiza kuti Mulanje ndi chimwala chimodzi chachikulu. Ayi ndithu. Ukakwera zitunda zoyambazo, thukuta lili kamukamu, umatulukira ku dziko lina lokwezedwa m'mwamba. Kuli madambo aakulu a udzu, mitsinje yozizira yoti kumwa mano amachita kuwawa, ndi nsonga zamiyala zambirimbiri, yaitali pa zonse n'kukhala Sapitwa. Mitsinje ya Likhubula, Lichenya ndi Ruo imayambira kumeneko, ndipo Ruo akatsika amakhala malire a Malawi ndi Mozambique. Teleza anazikonda zonsezi. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anapeza ntchito imene munthu sakalipiridwa chifukwa chosakhala pansi.

Tsiku lina kutayera, ali m'mphepete mwa dambo la Lichenya, a Crispin analoza kum'mwera, kutali, kumene phiri lina linaima lokha pakati pa chigwa.

"Lija ndi Chiperoni. N'lalifupi kuposa lino, koma lino ndi tauni tikayerekeza ndi lija. Kulibe kanyumba, kulibe njira, kulibe chikwangwani. Nkhalango yokhayokha, yonyowa chaka chonse. Mphepo ikachokera kunyanja ya mchere imagunda lija poyamba, n'kubwera kuno itasenza nkhungu. Tiyi wanu wa ku Thyolo uja amamwa madzi a phiri lija."

"Alipo anakwerako?"

"Bambo anga, kamodzi, nthawi ya atsamunda. Ananyamula katundu wa mzungu wina wosaka mbalame. Anabwera miyendo ili misundu yokhayokha, n'kulumbira kuti sadzapitakonso. Kenako kunabwera nkhondo, anthu n'kumaopa mabomba okwirira. Chithere nkhondoyo, amene amapitako ndi ofufuza mitengo ndi mbalame, owerengeka, ndipo ambiri amathera m'nkhalango osafika pansonga."

"Bambo anga anapita kumeneko," anatero Teleza. "Sanabwere."

A Crispin anamuyang'ana, n'kuyang'ananso manja ake amene anali kalikiliki kuthyola nsonga za chitsamba chapafupi.

"Ndiye musamaliyang'ane kwambiri. Ndipo manja anuwo muziwamanga, mudzatimalizira phiri."

Chaka chinatha. Nyengo yozizira itabweranso, Teleza ndi a Crispin anakwera ndi anamwino awiri a ku Blantyre amene anali patchuthi. Atafika pa kanyumba, bondo la a Crispin linatupa, koma alendowo ankafunabe kukwera kansonga kena kapafupi.

"Teleza, pitani nawo, njira mukuidziwa. Koma nyengo ikaipa mubwerere."

Ali pakati pa thanthwe lalikulu, chiperoni chinafika. Apa m'pamene Teleza analakwitsa, kulakwitsa kumene munthu wobadwira ku Likhubula sangachite. Kwa wothyola tiyi, chiperoni si nyengo yoipa. Nyengo yoipa ndi mphezi ndi matalala. Chiperoni umangodzifunda pulasitiki n'kupitiriza mzere wako, kapitawo akukuwa kuti masamba sadikira dzuwa. Ndiye mmodzi mwa anamwinowo atafunsa ngati si bwino kubwerera, Teleza anaseka.

"Aka? Aka n'kamvula ka tiyi, asisi. Tiyeni."

M'munda wa tiyi pansi pamakhala dothi. Paphiri pamakhala mwala, ndipo mwala ukanyowa umaterera ngati sopo. Namwino uja anaterereka, mwendo n'kuthyoka. Teleza anamubereka kumsana mpaka kukanyumba, onse awiri akulira. Ena akanamutcha ngwazi, koma a Crispin sanatero.

"Munthuyu mwamuthyola ndinu. Kumubereka sikukuchotsa kanthu."

Gulu la onyamula katundu linakhala pansi n'kumuimitsa ntchito. Aja anaseka tsiku loyamba sanasekenso. Ankangoyang'ana kumbali akamadutsa, ndipo zimenezo zinkapweteka kuposa kuseka.

Mbiri inafika ku Nsabwe iye asanafike. Anapeza Tisungane atatalika, akutunga madzi, ndipo Fackson ali pa mpando wake uja.

"Ndamva zanu," anatero Fackson. "Tsono mumve zanga. Mwanayu akalemba mayeso a Sitandade 8 apita ku Limbe. Alamu anga akufuna wowalerera mwana. Kumeneko azikadya, azikagona pabwino."

"Nanga sekondale, achimwene?"

"Sekondale imafuna kholo lokhazikika. Ine ana anga andikwana. Inu muli kuti?"

Pobwerera, Tisungane anaperekeza mayi ake mpaka kumsewu. Njira yonse manja a Teleza ankathyola chinangwa cha eni ake mbali zonse. Mwanayo anawagwira manjawo onse awiri n'kuwaimitsa.

"Amayi, ku Limbe sindikufuna."

Teleza anakwera kabaza akumva manyazi amene sanawamvepo chibadwire.

Ambiri apa m'pamene amasiyira, ndipo sindiwanena. Teleza anabwerera ku Likhubula komweko, kwa anthu omwe aja osamuyang'ana. Mvula itayamba, kunali ntchito imene palibe ankailimbirana: kukweza mbande za mkungudza, mtengo wonunkhira uja umene anthu anaudula mpaka kutsala pang'ono kutha, kuti zikadzalidwenso pamwamba. Katundu wake ndi wa dothi lonyowa, njira ndi yamatope, ndipo palibe mlendo wokuthokoza. Teleza anaitenga. Anapeza kachipinda ka lendi, n'kugula mphasa yachiwiri imene anaipinda n'kuiimika pakona.

A Crispin n'kuti atasiya kukwera. Ankakhala ku nazale kuthira dothi m'machubu, ndipo mkwiyo wawo utaphwa anayamba kumuphunzitsa.

"Musamadikire kuiona nkhungu. Mukaiona ndiye kuti yakupezani kale. Muzimva mphepo ikatembenuka n'kuyamba kuchokera kum'mwera, mbalame zikangoti zii, kunja kukayamba kununkhira ngati bulangeti lonyowa. Pamenepo tulani katundu, kapena bwererani."

Kukwera sikunkamuvuta Teleza. Chomuvuta chinali kutula katundu n'kukhala pansi pa mwala, nkhungu ikudutsa, miyendo ikuchita kunyerenyesa, mtima ukuti nyamuka, ndi pafupi pomwepa. Poyamba ankakhala akutukwana chamumtima. Koma ankakhalabe.

Mvula itatha, ntchito ya mbande inatha nayo, ndipo mayeso a Sitandade 8 anali atayandikira. Pamenepo kunabwera mayi wina wa ku Zomba, Kate, wofufuza za mitengo, ndi anzake awiri. Ankafuna kupita ku Chiperoni, ndipo ankafuna munthu wamphamvu, wodziwa phiri, wolankhula Chilomwe. Amuna aja atamva dzina la phirilo, aliyense anakumbukira kuti ali ndi maliro kumudzi. A Crispin anatchula Teleza.

"Ndamva za namwino uja," anatero Kate.

"Zonse mwamvazo n'zoona, madamu."

"Chabwino. Mukatifikitsa pansonga, ine ndidzakulankhulirani kwa anzanuwa kuti mubwerere pa ntchito."

Popanda ntchitoyo kachipinda kaja kakanapita, ndipo popanda kachipinda panalibe chokanena kwa Fackson. Komabe Teleza sanafune kupita mobisa. Anakafika ku Nsabwe n'kumuuza mlongo wake maso ndi maso. Fackson anaimirira.

"Mapiri onsewa, mwasankha limenelo? Mukawoloka malire, mwanayu mumuiwale."

"Ndibwera mayeso asanathe, achimwene."

"Bambo anatinso abwera anthu asanadzale."

Teleza anatembenukira kwa mwana wake, amene anali pakhomo atagwira buku.

"Tisu, iwe uziwerenga. Ndibwera."

Anawolokera pa Muloza, n'kukwera galimoto ya bokosi ku Milange imene inawagwedeza mu msewu wafumbi mpaka pamene msewuwo unathera. M'mudzi wa m'tsinde mwa phiri, Teleza anapereka moni m'Chilomwe cha mayi ake n'kupempha chilolezo chokwera. Atamaliza za ulendo, anafunsa mwakachetechete ngati alipo anamvapo za a Simeoni, munthu wa ku Malawi amene anabwera nkhondo itangotha. Akuluakulu anafunsana, anaitana ena, anapukusa mitu. Palibe anawadziwa.

Amuna a m'mudzimo anawatsogolera ndi zikwanje, kudutsa minda ya chinangwa ya m'mapiri, kulowa m'nkhalango. A Crispin sananame. Ndere zinkalendewera m'mitengo, madzi ankadontha ngakhale kulibe mvula, ndipo misundu inawalandira ngati alendo oyembekezeredwa. Atamanga msasa m'nkhalangomo, amunawo anati iwo athera pomwepo, kumtunda sapitako.

M'mawa mwake kunacha koyera. Anayi aja anakwera mpaka mitengo inayamba kufupika, n'kutulukira pa kamsana kopapatiza ka phiri, phompho uku ndi uku. Kamsanako kanali kodzaza ndi tizitsamba tofika m'chiuno, tothithikana ngati munda wa tiyi. Teleza anali patsogolo. Kumadzulo ankaona minda ya Thyolo ili biriwiri, ndipo anayesa kusaka pamene pali Nsabwe. Kutsogolo kwake nsonga ya phiri inali poyera, pafupi kwambiri.

Kenako mphepo inatembenuka. Mbalame zimene zinkasokosera m'nkhalango mmunsimo zinangoti zii. Teleza anaima, n'kununkhiza.

"Madamu, tibwerere."

Kate anayang'ana kumwamba kopanda mtambo, n'kuyang'ana Teleza.

"Mayi, nsonga ndi iyo! Ndadikira zaka kuti ndidzaime pamenepo. Mukudziwa kuti tikabwerera ndilibe choti ndikanene kwa anzanu aja?"

Ankadziwa. Ndipo ndikuuzeni, palibe pa anthu anayiwo amene ankafuna nsongayo kuposa Teleza. Miyendo yake inali itayamba kale kupita yokha. Ntchito inali pamenepo, kachipinda kanali pamenepo, ndipo pansi pa mtima ankafuna kuima pamwamba pa phiri limene linamulanda bambo. Koma anaonanso Tisungane ali ku Limbe atabereka mwana wa eni, akuyang'ana anzake ovala yunifolomu akudutsa.

"Madamu, ine ndakulira m'chiperoni. Chikafika sichichoka lero kapena mawa. Tikapitirira tikakhala pamwalapo masiku, ndipo wina sadzatsika. Ndinathyolapo kale munthu mwendo chifukwa chonena kuti tiyeni. Lero ndikuti tibwerere. Ndinamuuza mwana wanga kuti ndibwera."

Kate anatembenuka mokwiya n'kuyamba kutsika.

Sanapite patali. Nkhungu inakwera kuchokera m'chigwa n'kuwakuta moti munthu sankaona phazi lake lomwe. Choipa china, kamsana kaja potsika kamagawikana pawiri, patatu, ndipo tina mwa timisanato timathera paphompho. Kate anali ndi kachipangizo kolozera njira. Kankasonyeza bwino mbali imene kuli msasa, koma sikakanawauza pamene angaponde.

Teleza anatambasula manja kuti agwirire zitsamba. Zala zake zinakhudza kanthu kodziwika: kanthambi kopanda nsonga, kothyoledwa kumene. Dzanja linalo linapeza kena. Anasuntha pang'ono, n'kupezanso tina, uku ndi uku, pa msinkhu wa m'chiuno. Njira yonse pokwera, manja aja anali akuthyola, mwiniwake osadziwa. Anaseka mokweza mpaka anzakewo anaganiza kuti mutu wasokonekera.

"Gwiranani zikwama! Madamu, inu muzinena mbali, ine ndizisaka ndi manja."

Anatsika motero, pang'onopang'ono, Kate akutchula mbali, Teleza akupapasa mzere wake ngati m'mawa wa kuesiteti. Pamene zala zasowa nsonga yothyoka, ankaima, n'kubwerera, n'kusakanso. Anafika pamsasa atanyowa, akunjenjemera, koma anayi onse. Chiperonicho sichinachoke sabata yonseyo, ndipo ulendo unathera pomwepo. Njira yonse yobwerera ku Muloza, Kate sanalankhule naye zambiri.

Teleza sanapite ku Likhubula. Anakwera minibasi ya ku Luchenza, ina ya ku Makwasa, kenako kabaza, zovala zikadali zamatope, miyendo ili zipsera za misundu. Anafika ku Nsabwe masana, Tisungane ali kusukulu kolemba mayeso. Fackson anali pa mpando wake, akukhoma mpini wa khasu.

"Mwabwera."

"Ndabwera, achimwene."

"Bambo munawapeza?"

"Ayi. Palibe akuwadziwa."

Fackson anakhoma mpiniwo kangapo, ngakhale unali utalowa kale.

"Pamwamba munafika?"

"Ayi. Panatsala ngati pano ndi pa mango apo. Ndinabwerera."

"Nanga mwabwera ndi chiyani?"

"Ndabwera ndi onse amene ndinapita nawo. Ntchito mwina ndilibe."

Fackson anaika khasu pansi. Kenako anaimirira, ananyamula mpando uja, n'kuutembenuza. Mkazi wake, amene ankasankha nyemba za kalongonda pakhonde, anasiya lichero n'kugwira pakamwa. Phirilo silinkaoneka n'komwe, kunali nkhungu yokhayokha, koma Fackson anakhala pansi n'kuyang'ana komweko, misozi ikutsika osaipukuta.

"Zaka zonsezi," anatero, "ndinkangofuna wa kwathu mmodzi adzapite kumeneko n'kubwerako."

Anatembenukira kwa mkazi wake.

"Muwauze alamu a ku Limbe afune wina. Mwanayu akamaliza mayeso apita ndi amake."

Tisungane atatulukira pa njira ya kusukulu, anaona mpando wotembenuzidwa asanaone mayi ake. Anaima, anamvetsa, n'kuthamanga.

Patapita kanthawi, Kate anabwera yekha ku Likhubula, anaima pamaso pa amuna aja n'kunena kuti akadzapitanso ku Chiperoni sadzapita ndi wina aliyense koma mayi amene anamukaniza nsonga. Lero Teleza ndi gaidi. Mphasa yachiwiri ija inayalidwa, ndipo amene amagonapo ali ku sekondale. Pansonga pa Chiperoni sanafikebe. Mukamufunsa amati phirilo silikuthawa, manja ali kalikiliki kumeta mpanda wanu.

Tsono inu amene mwawerenga mpaka pano, mwina mwakhala pansi nthawi yaitali kuposa momwe mumakhalira. Mwina nanunso katundu wanu ali pabwalo akunyowa, mwina munalakwitsapo chinthu chimene anthu sakuiwala, mwina munabwerera panjira cholinga chanu chili poonekera ndipo mukudziona ngati wolephera. Bwererani kumene anakusekani mukanyamule katundu amene ena akumukana. Phunzirani nthawi yokwera ndi nthawi yotsika. Ndipo ngati pali mwana amene munamuuza kuti mubwera, bwerani ndithu, ngakhale chimanjamanja, ngakhale muli matope okhaokha. Mtima wokhawo musautaye.